Pamtondo ndi Papepala: Amayi Opeka ku Chigwa cha Shire

Luso lopeka nyimbo ndi nthano ku Chigwa cha Shire lakhala pakamwa pa amayi kuyambira makedzana, komabe buku lokhala ndi dzina la mayi wa m'chigwachi pachikuto ndi losowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Anthu akaona kusowako amathamangira kunena kuti kulemba ndi mphatso ya amuna. Ena amawonjezera mwambi uja wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, umene unamveka kwambiri m'misonkhano ya ndale pamene Joyce Banda ankalamulira dziko kuyambira 2012 mpaka 2014. Pa Ngabu, kumene ngolo zimadutsana ndi makabaza tsiku lililonse, mwambiwo umaoneka ngati woona ndithu. Chimene mwambiwo sunena n'chakuti ng'ombe sibadwa ikudziwa goli. Pali munthu amene amasankha kuti iyi aiphunzitse kukoka, iyo aisiye m'khola izibereka. Za amayi ndi kulemba zili chimodzimodzi: nzeru zopeka amayi ali nazo, koma njira imene mawu amadzera kuchoka pakamwa kukafika papepala inalambulidwira ena.

Ngabu ali m'boma la Chikwawa, pa msewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Bangula. Ndi dera la thonje, mapira, mchewere, ng'ombe ndi mbuzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali likulu la zaulimi la Shire Valley ADD komanso malo a kafukufuku wa mbewu. Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Amang'anja amawerengera mtundu kuchikazi, ndipo pa mwambo wawo wakale mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwa mkazi ngati mkamwini. Asena, amene makolo awo anakwera kuchokera ku Zambezi, amalowola, ndipo mkazi ndiye amasamukira kwa mwamuna. Miyambo iwiriyi imamuika mkazi pamalo osiyana pa nkhani ya munda ndi ana, koma yonse imamusiyira zinthu zofanana: mtondo, khanda, chinamwali cha atsikana ndi siwa ya maliro. Malo anayi amenewa ndiwo akhala sukulu ya luso la amayi.

Nthano za madzulo kawirikawiri amakamba ndi agogo aakazi, ana atazungulira n'kumavomera kuti ali tonse. Nyimbo zotonthoza mwana amapeka ndi amene wamubereka kumbuyo. Anamkungwi amasunga nyimbo ndi miyambo ya chinamwali, ndipo m'nyumba ya siwa mayi wolira amalankhula ndi womwalirayo m'mawu osanjidwa bwino, kumukumbutsa zimene wasiya ndi kumufunsa amene adzalera ana. Pabwalo, gule wa utse ndi wa amayi, pamene valimba amaimba amuna. Kugawanaku kukuonetsa chinthu chimodzi: chida chosema, chogula kapena chosunga m'nyumba chimagwera mwamuna, ndipo mkazi amatsala ndi mawu, m'manja ndi chipangizo cha ntchito yake. Ngakhale ku Khulubvi, kachisi wa Mbona m'boma la Nsanje, amene amakhala pafupi kwambiri ndi mzimuwo ndi mkazi wotchedwa Salima, koma mbiri yolembedwa ya kachisiyo anthu amaidziwira m'buku la wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, lotchedwa River of Blood, la mu 1992.

Nyimbo ya pamtondo ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa ndiyo ikuonetsa bwino kuti kupeka kwa amayi kuli ndi malamulo ake okhwima. Amayi awiri amaima moyang'anizana pa mtondo umodzi, aliyense ndi munsi wake. Wina akakweza, mnzake amatsitsa. Akaphonyana pang'ono minsi imagundana, mapira n'kumwazika, nkhuku n'kupezerapo phwando. Mzere uliwonse wa nyimbo uyenera kukwanira pakati pa kugunda kumeneko, ndiponso uyenera kusiya mpata wopumira, poti woimbayo akunyamula mtengo wolemera. Mawu otalika amadulidwa, mawu opanda ntchito amatayidwa ngati madeya. Mmodzi amatsogolera, wina amavomera, ndipo wotsogolerayo amatha kusintha mzere umodzi wokha pa nyimbo imene aliyense akuidziwa, n'kulowetsamo nkhani ya dzulo: mwamuna amene anapita ku Nchalo kukadula nzimbe koma kunyumba osatumiza ngakhale ya sopo, apongozi owerenga mitanda ya nsima, mkazi mnzake wa pamitala amene waguliridwa chitenje kawiri. Dzina satchula. Amene akunenedwayo akhoza kukhala ali khale pansi pa mtengo wa nimu, akumva zonse, koma sangapite nazo kwa ankhoswe kapena kwa amfumu. Akadandaula ndiye kuti wadziulula yekha. Woimbayo akafunsidwa yankho lake ndi lokonzeka kale, kuti ndi nyimbo chabe, anaipeza ikuimbidwa.

Ufulu umenewu akatswiri ena anaulongosola bwino. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la mu 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, anafotokoza za nyimbo ya Paiva, imene inkaimbidwa m'Chisena ndi anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates kumunsi kwa Zambezi ku Mozambique. Amayi anaitenga nyimboyo n'kuisandutsa sewero la pabwalo, m'mene ankatsanzira akapitawo ndi apolisi owazunza. Mfundo ya akatswiriwo inali yakuti chilolezo chodzudzula chimakhala pa nyimboyo, osati pa woimbayo, kotero zimene sizinganenedwe polankhula zimatheka kuimbidwa pamaso pa mwini wake. Naye Megan Vaughan, pofufuza za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre, anapeza kuti malipoti a boma la atsamunda sanalembe zimene amayi ankakumbukira. Nyimbo zawo za pamtondo ndizo zinasunga mbiri ya amuna amene anachoka ponena kuti akukafuna chakudya, osabwereranso. Buku lake, The Story of an African Famine, linatuluka mu 1987. Zimene amayi osadziwa kulemba anapeka zinakhala umboni wodalirika, koma pachikuto pali dzina la wofufuzayo, monga mwa mwambo wa mabuku.

Lero mtondo ukumveka mwa apo ndi apo. Chigayo chinalanda ntchitoyo, ndipo palibe mayi wosinjapo thumba la mapira pa dzuwa la pa Ngabu amene angalire kuti masiku akale abwerere. Komabe pa chigayo sipaimbika. Injini ikalira, amene ali pamzere amangokodolana ndi manja. Ntchito inapepuka, bwalo limodzi lodzudzulirapo linatsekeka, ndipo pepala silinabwere msanga kudzalowa m'malo.

Kulemba kunafika ndi amishoni, ndipo sukulu zawo zoyamba zinkafuna aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki, ntchito zimene zinkaonedwa kuti ndi za amuna. Mtsikana ankaphunzitsidwa kusoka, kuphika ndi kuwerenga Baibulo pang'ono kuti adzakhale mkazi woyenera wa mphunzitsi. Mabuku a Chichewa amene mibadwo ya ana a sukulu yakulira akuonetsa zotsatira zake. Nthondo wa Samuel Josia Ntara anatuluka mu 1933, kenaka kunabwera John Gwengwe, E. J. Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani. Onsewa ndi amuna. Akazi m'mabukuwo alimo ambiri, ena ochititsa chifundo, ena oyambitsa mavuto, koma mawu amene amalankhula anawaika m'kamwa mwawo ndi mwamuna. Ku chigwa kunawonjezerekanso mpanda wina. Mu 1968 boma linalamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chisena chinatsala kunja kwa kalasi. Mtsikana wa Chisena amene anamva nthano za agogo ake m'chiyankhulo chimodzi amaphunzira kulemba m'chachiwiri, n'kulemba mayeso m'chachitatu. Pofika poti alembe zake, nthabwala ndi mikuluwiko ya agogo aja imakhala itatsalira m'njira.

Nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda inaonetsa kusiyanaku poyera. Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse, ndipo iwo anali mbumba yake. Amayi a m'boma lililonse, a ku Chikwawa ndi Nsanje omwe, ankavala chitenje chokhala ndi nkhope yake n'kukavina pa misonkhano. Nyimbo zimene ankaimba sizinagwe kumwamba. Panali amayi amene ankazipeka, kutenga maimbidwe a gule wa kwawo n'kuvekamo mawu otamanda Ngwazi ndi onyoza amene boma linkawatcha zigawenga. Dziko silinaonepo amayi ambiri chotero akupeka ndi kuimba pagulu, koma mutu wa nyimbo unali wochita kupatsidwa. Pa nthawi yomweyo, lamulo la mu 1968 linapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku. Gulu la alembi limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 linatulutsa Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi ena, ndipo maina amene anatchuka kuchokera m'gululo ndi a amuna, poti ngakhale pa koleji pomwepo atsikana anali owerengeka. Emily Mkamanga ndiye anadzalemba za kuvina kwa mbumba kuja m'buku lake la mu 2000, Suffering in Silence, limene limafotokoza zimene amayi anataya pa zaka 30 zimenezo. Buku lake la nthano yaitali, The Night Stop, linali litatuluka kale mu 1990.

Mayi amene amadziwika kuti anali woyamba ku Malawi kusindikiza nthano yaitali ndi Walije Gondwe wa ku Mzimba, amene buku lake la Love's Dilemma linatuluka mu 1985 pa mndandanda wa Pacesetters wa kampani ya Macmillan. Apa n'kuti patadutsa zaka zoposa 50 chitulukire Nthondo. Gondwe analemba ali ku Britain, m'Chingerezi. Stella Chipasula, amene mu 1995 anasonkhanitsa pamodzi ndi Frank Chipasula ndakatulo za amayi a mu Africa m'buku la kampani ya Heinemann, nayenso anali kunja. Zikuoneka kuti mtunda unkachita ntchito imene nyimbo inkachita pamtondo, yomutchinga mlembi kwa amene angamuimbe mlandu. Ena analemba atakula. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anagwidwa mu 1981 pamodzi ndi mwamuna wake Orton, anatuluka m'ndende mu Januwale 1993, ndipo mbiri ya moyo wake, Fearless Fighter, inasindikizidwa mu 2007 ali ndi zaka zoposa 70. Mbiri ya Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200, inachita kulembedwa ndi mayi mnzake, Timwa Lipenga, kuchokera pa zimene anacheza, ndipo buku la Lomathinda linatuluka mu 2019 mwini wake atamwalira kale mu 2016. Pa zisudzo, zimene zili pafupi ndi pakamwa kuposa buku, Gertrude Kamkwatira anatsogolera gulu la Wakhumbata Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, kenaka anayambitsa la Wanna-Do, ndipo analemba masewero ake mpaka imfa yake mu 2006.

Virginia Woolf wa ku England ananena mu 1929 kuti mkazi wofuna kulemba amafunika ndalama zake ndi chipinda chake. Pa Ngabu mfundoyi iyenera kumasuliridwa m'zinthu za komweko. Tsiku la mayi limayamba kusanache ndi ulendo wa ku mjigo, kenaka kumunda dzuwa lisanakwiye, poti mu Okutobala ndi Novembala ikakwana 10 koloko khasu siligwirikanso. Masana ndi ophika, madzulo ndi a nkhuni ndi madzi ena. Nyimbo imalola zonsezi, chifukwa imapekedwa manja ali pa ntchito. Kulemba kumafuna kuti manja asiye zonse, munthu akhale pansi, ndipo mkazi wokhala pansi masana ndi cholembera amatchedwa waulesi, pamene mwamuna wochita zomwezo amati ali ndi zochita. Pepala lenilenilo ku chigwa silikhalitsa. Chiswe chimadya, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anathamangitsa mabanja ambiri kukakhala m'misasa. Wothawa madzi usiku amanyamula mwana, ndipo ngati mpata ulipo, ufa ndi bulangete. Kope limatsala. Nyimbo yokha ndiyo imawoloka ndi mwini wake.

Chopinga chachikulu kuposa nthawi ndi dzina. Buku limafuna kuti wolemba adzitchule, ndipo akatero chitetezo chija cha pamtondo chimatha. Mwamuna akalemba nthano ya banja losweka, owerenga amati waona bwino zochitika m'dziko. Mkazi akalemba yomweyo amati waulula za m'nyumba mwake, ndipo achibale amayamba kufufuza kuti apongozi a m'nthanoyo ndi ati. Mtsikana amalangizidwa kuyambira ku chinamwali mpaka pa tsiku la ukwati kuti banja ndi kupirira, za kuchipinda sazitulutsa pabwalo, pamene nthano yabwino imakhalira kutulutsa zomwezo. Buchi Emecheta wa ku Nigeria anafotokoza kuti mwamuna wake anatentha zolemba zake zoyamba. Kuno moto sufunika n'komwe. Funso limodzi lofunsidwa mwaulemu pa chakudya cha madzulo, lakuti kodi anthu akawerenga adzati chiyani, limakwanira kuti kope libwerere pansi pa sutikesi.

Izi sizikutanthauza kuti amayi a pa Ngabu salemba. Amalemba kwambiri, kungoti zolemba zawo palibe amazitcha luso. Mlembi wa banki m'khonde amakhala ndi kope la chikuto cholimba, lojambulidwa mizere ndi rula, m'mene muli masheya a aliyense, ngongole, chiwongoladzanja ndi chindapusa cha wobwera mochedwa. Mlembi wa Mvano amalemba zokambirana za msonkhano, ndipo amadziwa kufupikitsa mkangano wa maola awiri m'mizere itatu yosakhumudwitsa aliyense, limene ndi luso losowa ngakhale pakati pa olemba nkhani. Kwaya ya amayi imakhala ndi munthu wake wopeka, amene amalemba mawu kumapeto kwa kope la mwana wake. Akonzi a buku la Women Writing Africa la chigawo cha kum'mawa kwa Africa, limene linatuluka mu 2007 ndipo mmodzi mwa iwo anali Fulata Moyo wa ku Malawi, anaona kuti akangofuna nthano ndi ndakatulo zosindikizidwa ndiye kuti amayi ambiri atsala kunja, choncho anaphatikizamo nyimbo, makalata ndi maumboni a pakamwa.

Funso lakuti kodi mkazi amalemba mosiyana ndi mwamuna lili ndi yankho losavuta kuposa mmene ena amalionera. Munthu amalemba zimene waona ali pamalo pamene anamukhazika. Amene wagona m'siwa usiku wonse amadziwa za maliro zimene wokhala panja pa moto sazidziwa, ndipo wa panjayo nayenso ali ndi zake. Paulina Chiziane wa ku Mozambique, mkazi woyamba m'dzikolo kusindikiza nthano yaitali mu 1990, analemba za mitala m'buku la Niketche la mu 2002 kuchokera mkati mwa mitalayo, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Camões, yaikulu pakati pa olemba m'Chipwitikizi. Iye wakhala akunena kuti amadziona ngati wokamba nthano, luso limene analitenga kwa agogo ake pa moto. Kusiyana kulipo, koma ndi kwa malo, osati kwa magazi. Pamenepa pali msampha wina umene ku chigwa ukuoneka kwambiri. Mabungwe othandiza anthu, amene ndi ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, amafuna ndakatulo ndi masewero pa misonkhano yawo, ndipo mtsikana waluso amaitanidwa kukalakatula za maukwati a ana, za nkhanza za m'banja kapena za kulowa kufa. Nkhanizi ndi zenizeni ndiponso zowawa. Koma mutu ukakhala wochita kupatsidwa, uthenga n'kukhala wodziwika ndakatulo isanayambe, zinthu zimafanana pang'ono ndi nthawi ya mbumba ija. Kawirikawiri palibe amamupempha mtsikanayo kuti alembe za mtengo wa thonje, za ng'ona za mu Shire, kapena nthano yongoseketsa.

Zina mwa zopinga zasuntha. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Lamulo silinathetse mchitidwewo, koma atsikana odziwa kuwerenga ndi kulemba ndi ochuluka kuposa m'badwo wa amayi awo. Njira yofikira kwa owerenga nayo yasintha. Upile Chisala, amene anakulira ku Zomba, anasindikiza yekha buku lake la ndakatulo la soft magic mu 2015 ndipo anthu ambiri anamudziwira pa Instagram kampani ya ku America isanalitenge. Kwa mtsikana wa pa Ngabu, zimene zili pafupi ndi wailesi za m'dera zoulutsa m'Chisena ndi m'Chichewa, komanso foni. Pa WhatsApp munthu amatha kujambula mawu ake n'kutumiza osalemba chilembo ngakhale chimodzi, m'chiyankhulo chimene amalotera, ndipo ndakatulo yojambulidwa chotero imayenda kuchoka pa gulu la kwaya kupita pa la banki m'khonde mpaka kwa achibale a ku Blantyre ndi ku Joni. Ikadutsa m'mafoni angapo dzina la woipeka limagwa m'njira, n'kutsala mawu okha monga zinkakhalira pamtondo. M'mabanja ambiri a kumudzi foni yokhoza zimenezi imakhala imodzi, yotchajitsa pa sola ya pa golosale, ndipo nthawi zambiri imagona m'thumba la bambo.